A Levison ndi Kakanema ka pa Mlatho

Pa Nsaru, mukadutsa pamene amaima a kabaza n'kutsetserekera ku chigayo, pali timashopu tiwiri togundana khoma. Kamodzi n'kanga, ndimasokeramo zovala. Kenako n'ka a Levison Kamphinda, amene amatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo. Takhala moyandikana chonchi zaka khumi ndi chimodzi, ndiye zimene ndinene pano si za m'maluwa ayi. Khoma lathu ndi la njerwa imodzi. Iwo akayetsemula, ine ndimamva.

A Levison sanabadwe ndi mawaya m'manja. Analima fodya kwawo cha ku Kabudula mpaka msana unawakana. Atafika zaka makumi anayi anagulitsa ng'ombe ziwiri ndi ngolo yomwe, n'kugula masola atatu, mabatire ndi kalaputopu kakale. Abale awo anagwira pakamwa. Mlamu wawo mpaka lero amati a Levison anasinthanitsa ng'ombe ndi magalasi. Koma midzi yotizungulira ilibe magetsi, ndipo ngakhale a pamsika pano amabwera tsiku limene afuna okha. Choncho mafoni anayamba kufika: ena m'matumba a malaya, ena omangidwa pa nsonga ya chitenje, ena atakulungidwa m'pepala la shuga kuopa mvula. Ntchitoyo anaiphunzira okha, ndi kulakwitsa komwe. Chaka choyamba anapsereza batire limodzi ndi nsidze zawo zomwe.

Ndi munthu wamfupi, wadazi, wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Sukulu analekeza Sitandade 6, ndipo mwina n'chifukwa chake amakonda ana asukulu chonchi. Mwana wa yunifomu sachoka pawindo pawo asanafunsidwe kuti teremu yatha anakhala nambala chani. Ku tchalitchi kwathu ndi mkulu wa mpingo, ndipo amaimba ndi mtima wonse, ngakhale kuti nyimbo yawo imayenda njira yakeyake.

Pa ntchito ali ndi malamulo awiri amene amawanyadira kwambiri. Loyamba, foni ya mwini satsegula. Amamata kapepala kumbuyo, kulembapo dzina, kulumikiza ku moto, basi. "Foni ndi kuchipinda kwa munthu," amatero. "Sulowako usanaodire." Lachiwiri, zolaula saika. Mnyamata akabwera ndi memole khadi n'kuyamba kunong'ona, iwo amamuyankha mokweza kuti msika wonse umve, mnyamatayo n'kuchoka khadi ili m'manja.

Mu laputopu mwawo munali mafoda atatu: nyimbo zauzimu, nyimbo zovina, ndi zoseketsa. Zoseketsazo ndi zimene zinkayenda malonda. Tinali timakanema tatifupitifupi: mbuzi yothamangitsa munthu wa suti, woledzera wovina ndi mtengo, anthu oterereka, anthu ogwa. Tambiri ankabwera nato ndi ana a sekondale amene ali ndi mafoni a Watsapu. A Levison ankangoonetsetsa kuti mulibe wamaliseche, n'kuponya mu foda. Mlimi akabwera ndi kafoni kake ka mabatani n'kunena kuti "mundiikireko zoseketsa," iwo sankasankha. Ankathira foda yonse, ngati mmene amathirira chimanga m'chigayo. Tsiku la msika ankaika laputopu pawindo, n'kulumikiza sipika, anthu n'kuunjikana. Ndisaname, inenso ndinkaimitsa makina n'kukasuzumira.

Chaka chatha mu Febuluwale, foni ina inagona pa shelefu pawo masiku asanu ndi anayi. Zimenezi sizichitika. Munthu wa kuno akhoza kuiwala mwana ku tchalitchi, koma osati foni potchaja. Masiku oyamba inkangonjenjemera, uthenga pamwamba pa uthenga, mpaka inkasuntha yokha pathabwa. Bandulo itatha inakhala chete. Pakapepala panalembedwa kuti Eunice.

Eunice ndinkamudziwa bwino. Ndi mwana wa Regina, mnzanga wa ku Mvano, wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo. Anali Fomu 2 pa sekondale yoyendera, ndipo yunifomu yake ndinasoka ndine. Anali mwana wolongolola, woti pomuyeza m'chiuno umachita kumupempha kuti atseke kaye pakamwa tepi isaname. Foniyo anamugulira ndi malume ake a m'tauni kuti azilandirirapo manotsi.

"Amake Tadala," anandiitana a Levison Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, "kodi Eunice mwamuona mu kwaya lero? Sabata yathanso kunalibe. Tiyeni mundiperekeze, tikamusiyire foni yake."

Regina anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Titapatsana moni anayamba yekha kudandaula. Mwana sakupita kusukulu, sabata yachiwiri tsopano. Akuti mutu. Chakudya amangochigwiragwira. Tsiku lonse ali m'nyumba, nkhope kukhoma. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanapezeke. Anthu ayamba kale kulankhula: ena akuti ndi mimba, ena akuti amulodza chifukwa cha nzeru zake.

"Ine mutu waima," anatero Regina. "Ndikamufunsa amangoti palibe."

Anamuitana. Eunice anatuluka n'kugwada patali. Chisoni chinandigwira, chifukwa mwana amene ndinamuyeza ine sanali ameneyu. Khosi linali litatalika, maso atalowa. A Levison anatulutsa foni m'jekete n'kumupatsira. Iye anangoiyang'ana, manja osachoka pa maondo.

Nthawi yomweyo kuseri kwa nkhokwe ya nyumba yoyandikana kunamveka kaphokoso. Ana anali ataunjikana pa foni. Kanayamba kalikhweru kotsetsereka, kenako phuu, kenako kuseka kuja kwa m'makina, kwa anthu ambiri oseka pamodzi. Ana aja anafuula, "Matope! Matope! Bwezanso!"

Eunice anadzuka osatsazika, n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kutseka.

"Mwaonatu," anatero Regina. "Ndi kakanema kaja anamujambula atagwa pa njinga. Ine ndinamuuza kuti kugwa aliyense amagwa, aseka atopa. Kodi munthu n'kudwala ndi zimenezo?"

A Levison kaphokoso kaja ankakadziwa, inenso ndinkakadziwa. Anakodola mmodzi wa ana aja kuti abwere nayo foniyo. Inali ya mabatani, ya bambo a m'nyumba imeneyo. Anaitembenuza. Kumbuyo kunali kapepala kolembedwa ndi dzanja la a Levison.

Foni ya Eunice a Levison anaisiyira Regina, tinatsazika. Njira yonse yobwerera sanapatse moni aliyense, munthu amene masiku onse amapatsa moni ndi agalu omwe. Titafika pa kamlatho ka mitengo ka pa dambo anaima pang'ono, kuyang'ana matope, kenako n'kuwoloka.

Lolemba m'mawa, tisanalandire munthu, anatsegula laputopu n'kundiitana. Kakanemako sikankakwana ndi mphindi imodzi yomwe. Mtsikana wa yunifomu akutsetsereka pa njinga kulowera pa kamlatho kaja, tayala likuterereka, iye n'kugwera m'matope chafufumimba, siketi itakwera. Akudzuka, nkhope yonse bii, akukoka siketi, akuyang'ana amene akumujambula. Wina anabwezabweza kugwako katatu, n'kuikapo kuseka kuja, n'kulemba zilembo zikuluzikulu pamwamba: MATOPE. Tinali titakaonapo kangapo pawindo paja. Koma munthu ukamaonera zoterezi umayang'ana kagwedwe, suyang'ana nkhope. Tsiku limenelo ndinaona kolala imene ndinasoka ndekha, ndipo ndinachita manyazi.

"Ndakaika m'mafoni angati, amake Tadala?" anafunsa a Levison. Sankadikira yankho.

Mawa lake ndinapita ndekha kwa Eunice, nditanyamula singano ndi ulusi, ndikunena kuti ndabwera kudzakonza siketi imene inang'ambika pa njinga ija. Tinakhala m'nyumba awiri. Mwana salankhula ukamuyang'ana m'maso, ndiye ine maso anali pa msoko. Pang'ono ndi pang'ono zinayamba kutuluka.

Amene anamujambula ndi mnzake wa m'kalasi, ndipo anakaponya pa gulu la Watsapu la Fomu 2, lomwe lija la manotsi. M'mawa uliwonse wina ankakaponyanso. Ena anadula nkhope yake n'kuimata pa nkhumba. Akatuluka pagulupo ankamubwezerapo. Manambala osawadziwa ankamutumizira mauthenga omufunsa za zimene zinaoneka siketi itakwera. Mphunzitsi akamuloza kuti ayankhe funso, kumbuyo wina ankaimba kalikhweru kaja.

"Koma zonsezo ndinkapirira, amayi," anatero. "Ndinkati ndi zakusukulu. Ndikawoloka dambo ndafika kwathu, kulibe amene akudziwa. Ndiye tsiku lija ndinasiya foni kwa a Kamphinda, pobwera kudzatenga ndinapeza anthu atadzaza pawindo. Azibambo akuluakulu. Ndinamva kalikhweru. Ndinangotembenuka. Pasanathe masiku atatu kanafika m'mudzi muno. Ndiye ndithawire kuti?"

Ndinamufunsa ngati amagona. Anati tulo sitibwera. Kenako ananena mawu amene anandiimitsa singano: nthawi zina amaganiza kuti bola kungosowa, osadzukanso.

Ndinachita mantha, ndipo sindinabise. Ndinamuuza kuti zina zonse ndisunga, koma izi zokha ayi; ndiuza mayi ake, iye ali pomwepo. Anakwiya, kenako analira. Regina atamva anangokhala pansi pakhomo pomwepo, chitenje kukamwa. "Ndinkati aseka atopa," ankangobwereza choncho. Sindinamudzudzule. Tonsefe tinakula nthawi imene munthu ukagwa ankakuona ndi amene analipo okha, pofika mawa nkhani yatha. Kugwa kobwerezabwereza tsiku ndi tsiku m'manja mwa anthu sitinkakudziwa.

Lachitatu tinapita atatu kuchipatala, ulendo uno osati kukayezetsa malungo. Tinapeza namwino wina amene amacheza ndi achinyamata. Anakhala naye nthawi yaitali, kenako anatiuza kuti nkhawa ikakula ndi matenda ngati ena onse, si ulesi, si kulodzedwa. Anati mwanayo asamasiyidwe yekha, ndipo azibwera sabata iliyonse. A hedi nawo atauzidwa anaitanitsa makolo a ana angapo, gulu lija n'kulitseka.

Tsono a Levison. Munthu wabwino akalakwa amavuta kuposa woipa, chifukwa amafuna akonze zonse tsiku lomwelo. Nzeru yawo yoyamba inali yoti Lamlungu, pa nthawi ya zolengeza, aimirire n'kupempha mpingo wonse kuti aliyense amene ali ndi kakanema ka mwana wa mayi Regina afufute.

"A Kamphinda, mutu ukuyenda bwino kodi?" ndinawafunsa. "Amene sanakaone ayamba kukafunafuna tisanaimbe nyimbo yotsekera."

Anandimvera, koma theka. Anaganiza kuti popeza foni iliyonse imabwerera kwa iwo pakatha masiku awiri kapena atatu, azipempha mmodzimmodzi. Woyamba kufika anali a Fabiano, mkulu wina wokhoma zidebe.

"Achimwene, muli kakanema kena kamene ndinakuikirani molakwitsa. Mundilole ndikachotse."

"Kati?"

"Ka mwana wina wake."

"Aaa, ine sindinakaonetu. Tandionetsani kaye, ndidziwe chimene mukuchotsa, eti?"

Ndili kuseri kwa khoma ndinamva a Levison akuusa moyo. Tsiku limenelo anthu atatu amene sankadziwa kanthu anachoka akudziwa.

Mawa lake anasintha. Foda yonse ya zoseketsa anaifufuta mu laputopu, mbuzi ndi woledzera yemwe. Aliyense wobwera ndi foni ankamuuza mawu amodzimodzi: "Zoseketsa zonse zimene ndinakuikirani ndikuchotsa. Musandifunse chifukwa. Ngati simukufuna, mukatchajitse kwina." Ena anavomera. Ambiri ananyamula mafoni awo kupita kwa munthu wina amene anatsegula shopu yotchajira kumtunda kwa msika. Tsiku la msika pawindo pawo panali zii, nyimbo zauzimu zikungodziimbira. Sanadandaule. Komabe tonse tinkadziwa kuti madzi akatayika saoleka. Kakanemako kanali katadumpha kale kuchoka foni ina kupita ina, ati mpaka ku Nambuma kanafika.

Eunice anayamba kudya, anayamba kutuluka kukachapa ndi mayi ake. Koma kusukulu ayi. Teremu yachiwiri inatha ali pakhomo. Aphunzitsi anatumiza uthenga kuti dzina lake lilipo pa mayeso a Fomu 2, koma akapanda kubwera teremu yachitatu ikamayamba, chaka chapita. Ndipo ife a kuno timadziwa chimene chimatsatira mtsikana akakhala pakhomo chaka chathunthu: amayamba kufika ofunsira mbeta. Vuto linali njira. Yopita kusukulu ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pa a kabaza ndi pakhomo pa a Levison.

Nthawi yonseyi a Levison anali asanaonane naye. Nkhuku anatumiza, sopo anatumiza, mtedza wa kumunda kwa akazi awo anatumiza, koma okha osapita. Mkulu wa mpingo anazolowera kumva kulapa kwa ena, kwake kunkamukanirira pakhosi. Ndinapirira masabata angapo, kenako ndinawauza mosapsatira mawu kuti nkhuku sipepesa.

Loweruka lomaliza la holide tinapitanso. Regina anatulutsa mpando, a Levison anaukana. Anakhala pansi, padothi, ndi thalauza lawo la ku tchalitchi lomwe. Eunice anali pakhonde, choncho mkulu wa mpingo anali m'munsi, mwana pamwamba. Regina anafuna kumutsitsa, ine n'kumugwira dzanja.

"Eunice, mwana wanga," anayamba a Levison, "amene anakujambula si ine. Koma amene anakabweretsa m'mudzi muno ndine. Ndinakaika pawindo, ndinakathira m'mafoni a anthu. Sindinayang'ane kuti ndi mwana wa yani. Ndayesa kuchotsa, sindinathe konse. Ndinalakwa. Undikhululukire."

Eunice anapotapota m'mphepete mwa chitenje. Kenako anadzutsa mutu.

"Inuyo munaseka?"

"Iwe!" anatero Regina. "Ndi mafunso ofunsa akulu amenewo?"

A Levison anakweza dzanja kuti amusiye. Akanatha kunena kuti iwo amakhala otanganidwa ndi mawaya, ndipo ine sindikanawatsutsa pamaso pa anthu.

"Ndinaseka," anatero. "Kangapo."

"Inenso ndinaseka," ndinatero ine, pakuti kukhala chete kukanakhala bodza.

Eunice anatiyang'ana tonse awiri. Sanalire.

"Amene anabwera ndi makolo awo kudzapepesa, onse ankati iwo sanaseke, anangoona," anatero. "Ndiye ndinkadabwa kuti ankaseka aja ndani."

"Ndichite chiyani, mwana wanga?" anafunsa a Levison. "Nena."

"Zofufutazo siyani, sikatha. Lolemba mudzakhale panja. Ndikamadutsa mudzandipatse moni. Mudzatchule dzina langa, mokweza, a kabaza aja amve. Papita nthawi ndisanalimve pamsewu."

Lolemba a Levison anatsegula shopu dzuwa litangotuluka, koma sanalowemo. Anaima m'mphepete mwa msewu, manja kumbuyo. Ana asukulu ankadutsa m'magulumagulu. Ine ndinali pa makina, koma sindinasoke kanthu. Magulu anayamba kuchepa, otsalira anayamba kuthamanga, Eunice osaoneka. Ndinayamba kuganiza zoti tidzamuuza chiyani Regina.

Kenako anatulukira cha ku chigayo. Anali wapansi, yekha, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Atayandikira pa a kabaza, mnyamata wina anamuzindikira n'kugwedeza mnzake. Kalikhweru kaja kanayamba. Eunice anachepetsa liwiro, phazi lina litatembenukira kale kumene anachokera.

A Levison analowa pakati pa msewu.

"Mwadzuka bwanji, a Eunice?"

Anafuula ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo. Ogulitsa tomato anatembenuka, a kabaza anatembenuka, kudabwa mkulu wadazi akupereka ulemu wotere kwa mwana wa Fomu 2. Likhweru lija linathera panjira.

Eunice anaima. Kenako anayankha.

"Ndadzuka bwino, kaya inu, a Kamphinda?"

"Ndadzuka. Pitani bwino kusukulu, a Eunice."

Anapitirira. Sanathamange, sanacheuke. A Levison anaimabe pomwepo, njinga zikuwalambalala, mpaka mwanayo anakhota pa njira ya kusukulu. Atabwerera sanalowe m'shopu mwawo. Anadzakhala pa benchi ya makasitomala anga, n'kupukuta nkhope ndi mpango. Patapita kanthawi anandifunsa, mawu ali pansi:

"Amake Tadala, kodi amaweruka nthawi yanji?"